Bokosi la Katemera Pakaliyala

Misozi, Dalitso ndi iwe Tamanda, ndalemba izi chifukwa mukabwera kuno mumafuna kumva za ntchito yanga, koma ndikangoyamba kufotokoza, atate anu amandilanda nkhani pakamwa n'kuimaliza mwa njira yawo. Papepala pano sangandidule. Za ubwana wanga kwathu ku Katete ndidzakuuzani pakamwa. Pano ndiyambira pomwe boma linanditumiza kukayamba unamwino.

Kanakantapa, chaka changa choyamba pa ntchito

Ndinafika pa lole ya feteleza, sutikesi pamiyendo, fumbi mpaka m'makutu. Kachipatala kake kanali kakang'ono, ndipo oyang'anira anali a Njovu, bambo wamtali wosalankhulalankhula amene ankaunika odwala atapanikiza cholembera kukhutu. Anandionetsa filiji ya palafini ndi bokosi lozizira lonyamulira katemera wa ana. Kenako anandizungulitsa kuseri kwa nyumba, komwe kunali njinga yakuda yolemera, ya matayala onenepa ndi kaliyala yomangirirapo katundu kumbuyo.

"Iyi ndiye ambulansi yathu, Sisita," anatero. "Midzi yonse mpaka kutsidya kwa mtsinje ni yanu. Mudziwa kutchova njinga?"

"Sinidziwa, bwana."

"Muzaphunzira. Ana sayembekeza."

Wondiphunzitsa anapezeka yekha. Moyang'anana ndi chipatala munkakhala mphunzitsi wina wa pa pulayimale, a Sakala, mnyamata wokonda kusita malaya mpaka kolala kuima yokha. Amenewo ndiwo atate anu. Anali ndi njinga yofiira yomwe ankaitsuka Loweruka lililonse ngati mwana. Matayala ake anali owonda ngati chala, mahandulo opindikira pansi ngati nyanga za nkhosa. Ana asukulu akaweruka, a Sakala ankanditengera pabwalo la mpira n'kumathamanga pambuyo panga atagwira chishalo, ali ndi nsapato za ku ofesi. Ndinagwa kangapo, ndipo ulendo wina ndinalowa m'munda wa mbatata wa ahedi, koma mwezi usanathe ndinayamba kuyenda ndekha.

Pamodzi ndi kupalasako anandiphunzitsanso chiphunzitso chawo chachikulu. "Tayala lifunika kulimba, Sisita. Likafewa likudyelani mphamvu. Mukaligogoda na chala lizilila monga ng'oma." Ndiye tsiku lililonse la sikelo ankalawirira ndi pampu yawo n'kupopa matayala anga mpaka kuuma gwa, ngakhale sindinawapemphe. Ine ndinkati ndi chifundo chabe. A Njovu ankaona zina, chifukwa ankangomwetulira cham'mbali n'kulowa m'chipinda cha mankhwala.

Koma misewu ya ku Kanakantapa sinawerenge mabuku a atate anu. Inali yokumbika ngati malata a denga, ndipo njinga inkangodumphadumpha, mano kugundana, manja kuchita dzanzi. Timabotolo ta katemera tinkalira m'bokosi ngakhale nditatikulunga ndi thonje. Ndikafika pamchenga, tayala lakutsogolo linkangolima n'kupotoka, ine n'kutsika kumakankha. Ndipo kuchedwa pa ntchito imeneyi kunali koopsa. Ayisi akasungunuka katemera amafa, ngakhale m'botolo aoneke bwinobwino. Amayi nawonso akadikira mpaka kutopa amabwerera kumunda, ndipo mwana amene waphonya mwezi uno mwina sumuonanso mpaka atabwera akudwala.

Nthawi ina aphunzitsi onse anaitanidwa ku msonkhano ku boma, ndiye panalibe wondipopera. Mpweya unachepako wokha pang'onopang'ono. Ndinanyamuka ndi nkhawa, ndikuti lero ndikafika dzuwa lili pamutu. Koma njinga inayenda mofatsa ngati yasintha mtima. Mabampu inkangowameza, mabotolo anakhala chete, ndipo mchenga umene ndinkatsikira ndinaudutsa ndili pachishalo. Ndinafika amayi asanamalize n'komwe kumangirira sikelo panthambi ya mtengo. Mmodzi anafuula, "Sisita, lelo mwabwela na motoka?"

Atate anu atabwerako ndinawauza. Anapukusa mutu. "Iyai, mphepo inali kumbuyo kwanu chabe." Tinakangana mpaka a Njovu anati timalize nkhaniyo pamsewu, pakhonde la odwala pakhale bata. Lamlungu titaweruka ku tchalitchi tinanyamuka ulendo wa ku msika wa ku Chongwe, aliyense pa njinga yake. Pamsewu wafumbi ine ndinatsogola. Nditacheuka pamchenga waukulu ndinaona aphunzitsi atanyamula njinga yofiira paphewa, nsapato zodzaza mchenga, ndipo ndinaseka mpaka kutsala pang'ono kugwa. Koma titafika pa tala zinatembenuka. Matayala anga anayamba kumatirira pamsewu ngati ndikukoka ngolo, ndipo iwo anandipitirira ngati ndaima. Ndinawapeza pamthunzi akusenda nthochi mosapupuluma. Aliyense anati wapambana, ndipo mlandu umenewu sunagamulidwe mpaka lero.

Ine poona kuti kufewa kwandithandiza, ndinachotsakonso mpweya wina. Tsiku lina nditanyamula bokosi, sikelo ndi mabuku a ana, tayala lakumbuyo linagunda mwala pokwera kuchokera mumtsinje. Linaphwanyikira mpaka pa limu yachitsulo, ndipo chubu chinabooka timabowo tiwiri toyandikana ngati polumidwa ndi njoka. Ndinasiya njinga panyumba ina, n'kusenza bokosi pamutu, kwinaku ndikuthamanga. Ayisi ndinafika nawo, koma amayi ambiri anali atabalalika kale. Madzulo ake atate anu anakaitenga njinga ija n'kuimata pakhonde pawo. Ndinkayembekeza kuti andiseka, koma sanatero. Tinakhala pansi, iwo akupopa pang'onopang'ono, ine ndikusindikiza tayala ndi chala chachikulu. Tinagwirizana kuti lakumbuyo, popeza ndilo limasenza munthu ndi katundu, lizilimba ndithu, moti chala chizingolowa pang'ono chabe. Lakutsogolo lizikhala lofewerapo kuti lizimeza mabampu ndi kuyandama pamchenga.

"Ndiye kuti lakumbuyo ni langa, lakutsogolo ni lanu," anatero akupukuta manja. Anayang'ana pampu. "Pakuti tagawana matayala, Sisita, kapena nitume akuluakulu kwanu ku Katete?"

Ndinawayankha kuti ayambe amaliza kumanga tcheni. Koma akuluakuluwo anapita.

Bundabunda, Misozi ali kumsana

Tinasamutsidwira ku Bundabunda iwe Misozi uli wakhanda. Atate ako anapempha kuti nawonso awapatse sukulu ya komweko, ndipo anadikira teremu yathunthu asanaloledwe. Kumeneko dziko ndi lina. Kuli zitunda, miyala yakuthwa, ndi tinjira todutsa m'minda ya chimanga momwe ngolo yokha imadziwa. Oyang'anira anga anali mayi Lungu, aafupi koma a mawu omveka kuchigayo. Ankakalipira filiji ngati munthu, ndipo anamwino achinyamata ankawaopa. Koma ndiwo omwewo ankathyola ndiwo m'dimba lawo kuphikira amayi odikira kubereka amene abwera opanda kanthu.

Zaka zimenezo zinali za kusowa. Palafini ankabwera mwezi uno, mwezi wamawa ayi. Thonje tinkaligawa ngati mchere. Matayala a njinga ndiye anasoweratu. Langa lakumbuyo linatha mpaka ulusi kuonekera. Tinkalisoka ndi chingwe cha matumba, n'kulowetsa m'kati zidutswa za tayala lakale kuti chubu chisatuzuke. Tayala lotere limavuta ngati wodwala wokana mankhwala. Ukalipopa kwambiri, dzuwa la mwezi wa Okutobala likalitentha, limaphulika. Ukalisiya lofewa, miyala imaluma chubu. Ndinkayenda ndi pampu m'chikwama, n'kumawonjezera kapena kuchepetsa mpweya malinga ndi njira, ndipo pamalo ena oipitsitsa ndinkangotsika kuti tayala lipume.

Njinga yofiira ija inalibe ntchito kumeneko. Matayala ake owonda ankabooka asanatuluke n'komwe m'bwalo la sukulu, ndipo onenepa sakanalowa chifukwa foloko yake inali yopapatiza. Atate anu anaipachika kudenga la chipinda chochezera, n'kumaipukuta fumbi ili pomwepo. Tsiku lina pa holide anaitsitsa n'kukwera nayo basi ya ku Lusaka, osanena zambiri. Anabwera mawa lake akukankha njinga yakuda yonga yanga, ndipo pachifuwa atapingasa matayala awiri atsopano, onenepa, a mano akuya.

"Atate a Misozi, nanga yofiila ija ili kuti?"

"Yapeza mwini wake wokhala pa tala," anatero. Anali atasinthanitsa ndi wamalonda wina. "Matayala awa ni anu. Njinga iyi nizakuthandizilani kunyamula bokosi linangu masiku a holide."

Analankhula mopepuka, koma madzulo amenewo anadya pang'ono, ndipo kwa masiku angapo ndinkawapeza akuyang'ana misomali yopanda kanthu kudenga. Sananenepo kuti akuisowa, inenso sindinawafunse. Ndinangowatungira madzi osamba otentha kuposa masiku onse.

Bundabunda, chilimwe cha chikuku

Apa ndi pamene ndakhala ndikufuna kufika. Iwe Misozi unali utayamba kulankhula ziganizo, Dalitso ndi Tamanda musanabadwe. Chikuku chinabuka m'midzi ya kuseri kwa zitunda, komwe sitinkafikako kawirikawiri, ndipo mudzi wina unali utaika kale ana m'manda. Tinatumiza uthenga ku boma kangapo. Potsiriza galimoto inabwera madzulo ena ndi katemera, n'kubwerera nthawi yomweyo. Filiji yathu inali itazima chifukwa palafini anatha. Ayisi amene anabwera m'bokosi ndiwo anali moyo wonse wa katemerayo, ndipo sakanapitirira tsiku lotsatira. Tinatuma anthu kuti amayi onse asonkhane m'mawa pa tchalitchi cha kumeneko.

M'mawa mwake ndinadzuka n'kupeza iwe thupi lili moto. Unali ndi chifuwa kwa masiku angapo, koma tsopano unkapuma mofulumira, nthiti zikulowa m'kati. Sindinafunike kuuzidwa ndi munthu kuti ndi chibayo. Ndinathamanga nawe kwa mayi Lungu. Tinatsegula kabati tonse awiri, ngakhale tinkadziwa kuti jakisoni wofunikayo anatha kalekale. Tinakumwetsa mankhwala amene analipo, koma unkafunika chipatala chachikulu cha ku boma. Mayi Lungu sakanachoka, chifukwa m'chipinda munali mayi amene matenda a kubereka anali atayamba, mwana woyamba, ndiponso iwo njinga sankaidziwa.

Anandigwira dzanja, mawu awo aakulu aja atatsika. "Amake Misozi, ine sinizakukakamizani. Mukapita na mwana wanu ku boma, palibe amene azakunenani, ine niliko. Sankhani mweka."

Ndinaima pakhonde, iwe uli pachifuwa panga, bokosi lili pansi pafupi ndi mapazi anga. Ndinaganiza za amayi amene pa nthawiyo anali kale m'njira ndi ana kumsana. Ndinaganizanso kuti katemera ameneyu akafa, wina adzabwera maliro atachuluka. Koma mwana amene ankapumira m'khosi mwanga anali wanga.

Atate anu ndiwo anayamba kulankhula. "Nipaseni mwana."

"Muzakwanitsa? Akayamba kukomoka panjila?"

"Ku boma kuli manesi ambili, amake Misozi. Kuseli kwa zitunda kuli imwe mweka. Njila ya ku boma niidziwa. Nyeleti ya katemela sinidziwa kulasa. Nipaseni mwana."

Ndinakubereka kumsana kwawo ndi chitenje changa, ndikumanga mfundo kawiri. Masiku amenewo mwamuna wobereka mwana anali chinthu choti anthu atuluke m'nyumba kudzaona, koma iwo sanasamale. Asanakwere anagwada pafupi ndi njinga, iwe uli kumsana, n'kutsegula valavu ya kutsogolo. Mpweya unatuluka pang'ono. Anasindikiza ndi chala, n'kuchotsakonso pang'ono kumbuyo. "Kuti asagwedezeke maningi," anatero osandiyang'ana. Tinatuluka pageti limodzi. Pamphambano iwo anakhotera kumsewu waukulu, ine kuzitunda. Sindinacheuke, chifukwa ndinkadziwa kuti ndikacheuka ndiwatsatira.

Za ulendo wanga sindikumbukira zambiri. Ndikumbukira kuti matayala atsopano aja anagwira miyala bwino, moti zitunda zina zimene ndinkakankha ndinazikwera ndili pachishalo, ndipo kuti ndinkalira kwinaku ndikupalasa. Pa tchalitchi ndinapeza khamu limene sindinalionepo. Ndinasamba kumaso, n'kuyamba ntchito. Mwana aliyense amene ndinkamugwira mkono ndinkamumvetsera kapumidwe osafuna. Mayi wina wachikulire anaona kuti maso anga ndi ofiira ndi kulira, ndipo atamva chifukwa chake anauza anzake. Sanandinene kanthu. Anangoyamba kufola mwadongosolo, aliyense atavula kale mwana wake mkono, kuti ndisataye nthawi. Botolo lomaliza linatha ayisi akadalipo.

Za atate anu ndinamva pambuyo pake. Pamsewu wafumbi anayenda mosamala, akukuimbira nyimbo za ku sukulu kuti amve ngati ukuyankha. Atafika pa tala anaimika magalimoto, koma amene anadutsa anali odzaza, ena osaima n'komwe. Ndiye anatulutsa pampu, n'kupopa matayala onse awiri mpaka kuuma, chifukwa pa tala posalala kufewa kumangochedwetsa. Amati sanapalasepo chotero moyo wawo wonse, ngakhale pa njinga yofiira. Anamwino a ku boma anandiuza kuti analowa nayo njinga mpaka pakhomo la wodi, malaya atamatirira thupi, akufuula kuti mwana wa Sisita wa ku Bundabunda.

Ine nditabweza bokosi ku chipatala, ndinapeza lole ya makala yopita ku boma. Ndinafika dzuwa litapendeka. Unali pabedi, jakisoni atakubaya kale, kapumidwe katayamba kutsika. Atate ako anali pampando pambali pako, chitenje changa chikadali m'khosi. Unatsegula maso n'kundiyang'ana nthawi yaitali, kenako unati ukufuna madzi. Ndinakumwetsa, n'kutuluka panja kukakhala pansi pa khoma.

Kasisi, zaka zomaliza, ndi kuno kwathu

Malo anga omaliza anali kufupi ndi Kasisi. Kumeneko zinthu zinali zitasintha. Filiji inkayendera dzuwa, kunabwera njinga zamoto, ndipo mwezi ndi mwezi galimoto inkatitengera kumidzi. Anamwino achinyamata ankadabwa kundiona ndikutulutsabe njinga yanga popita kumidzi yapafupi. Ndinkawauza kuti njinga simadikira dalaivala kapena mafuta. Mayi Lungu anamwalira ndili komweko, ndipo ndinapita kukawaika. A Njovu anapuma ntchito n'kubwerera kwawo ku Petauke. Ine nditapuma tinamanga nyumba ino pa puloti yathu, pakati pa anthu ogwira ntchito ku Lusaka amene amachoka m'mamawa n'kubwera madzulo. Atate anu tsopano amaweta nkhuku ndi kukangana ndi wailesi.

Chaka chatha iwe Misozi unabwera kudzakhala nafe utabereka mwana wako woyamba. Tsiku lina masana unkandiluka tsitsi pakhonde, mwana ali mtulo pamphasa. Nkhani ya chibayo unkaidziwa kuchokera kwa atate ako, amene amaikamba ngati ya mpikisano wa njinga. Koma tsiku limenelo unasiya kuluka, manja ali m'mutu mwanga, n'kufunsa chimene sunandifunsepo.

"Amama, sembe munabwela n'kupeza nafa, sembe munachita bwanji?"

Ndinakuuza kuti sindidziwa. Ndinati funso limenelo ndinakwera nalo zitunda zonse tsiku lija, ndinabwera nalo, ndipo mpaka lero limandipeza nthawi zina ndikamatsuka mbale. Ndinati sindinganene kuti ndinasankha bwino chifukwa choti unachira, popeza kuchira kwako sikunali m'manja mwanga.

Unayang'ana mwana wako. Ndinkaopa kuti wakwiya. Kenako unayambiranso kuluka, mwina mokoka pang'ono kuposa poyamba.

"Mailo ni tsiku lake la nyeleti," unatero, ukunena za katemera wa tsiku lotsatira. "Ine siningakwanitse kuona. Muzanipelekeza? Mukamugwile ndimwe."

Tinapita m'mawa mwake. Namwino anali mtsikana wamng'ono amene sankandidziwa, ndipo anandilangiza mmene ndingagwirire mwendo wa mwana kuti asapalapate. Ndinamvera zonse, n'kunena kuti zikomo. Iwe unaima pakhomo utatitembenukira msana. Mtsikana uja anapukuta ntchafu ndi thonje n'kutsegula jakisoni. Ine, amene ndabaya ana a anthu moyo wanga wonse osaphethira, ndinamukumbatira mdzukulu wanga mwamphamvu, n'kutembenuzira nkhope kukhoma.